Kunyamula jini m'thupi la mbewa: AAV, lentivirus kapena adenovirus?

Wofufuza amene akufuna kudziwa ntchito ya jini inayake m'chiwindi, mumtima kapena mu ubongo wa mbewa ali ndi njira yakale yodalirika: kupanga mtundu wa mbewa wobadwa ndi jiniyo, n'kumaukweretsa ndi mitundu ina mpaka ana oyenera atabadwa. Njirayi imagwira ndithu, koma imadya chaka kapena kuposa apo, ndipo mbewa zambiri zimabadwa zopanda gawo pa kafukufukuyo. N'chifukwa chake malabu ambiri lero amatenga vairasi, kuichotsa majini ake oberekera, kulongamo jini yawo, n'kubaya mbewa yokula kale. Pakapita masiku kapena masabata ochepa, maselo a mbewayo amayamba kupanga puloteni imene wofufuzayo akufuna.

Amene akuyamba kumene ntchitoyi amathamangira kufunsa kuti vairasi ya chiwindi ndi iti, ya mtima ndi iti, ngati kuti chiwalo chilichonse chili ndi yakeyake. Si mmene zilili. Kumene jini ikagwire ntchito kumadalira zinthu zinayi zoyendera limodzi: pamene mwabaya, chigoba cha vairasi, kachigawo ka DNA kotchedwa promoter kamene kamalamula kuti jini iwerengedwe m'selo liti, ndi mtundu wa mbewa imene muli nayo m'manja. Komabe vairasi iyenera kusankhidwa, ndipo zimene anthu ambiri amasankhapo n'zitatu: AAV (adeno-associated virus), lentivirus ndi adenovirus. Zina ziliko, koma ndi za ntchito zapadera.

AAV, poyambira pa anthu ambiri

AAV inapezeka mu 1965 ili m'mabotolo a adenovirus ngati chitsotso chabe. Ndi kakang'ono, pafupifupi nanomita 25, ndipo payokha siitha kuberekana popanda vairasi ina yoithandiza. Ya mu labu amaichotsa majini ake onse, n'kusiya tinsonga tiwiri ta DNA totchedwa ITR, tokhala ndi zilembo 145 kalikonse. Pakati pa tinsongato ndi pamene mumalonga katundu wanu.

Ine ndimati yambirani pa AAV pokhapokha patakhala chifukwa chomveka chokukankhirani kwina. Siiputa chitetezo cha m'thupi mwamphamvu ngati adenovirus. Mu maselo amene sagawikana, monga a ubongo, a mtima, a minofu ndi a diso, jini imakhala ikugwira ntchito kwa miyezi yambiri, kawirikawiri moyo wonse wa mbewayo. Kung'ono kwakeko kumaithandiza kufalikira bwino pakati pa maselo. Ndiponso siivuta kupeza: bungwe la Addgene ku Massachusetts limatumiza ma AAV okonzakonza, oyezedwa kale, ndipo mayunivesite angapo ali ndi malo opangira.

Zifukwa zokukankhirani kwina zilipo zitatu, ndipo choyamba ndi malo. AAV imanyamula zilembo za DNA pafupifupi 4,700 basi, kuphatikiza ma ITR, promoter ndi mchira wotsekera jini. Cas9, enzayimu yotchuka yodula DNA pamene RNA yolondolera yailozera, ya bakiteriya wa Streptococcus pyogenes, jini yake payokha ndi zilembo zoposa 4,000, moti promoter ndi RNA yolondolera zimasowa pokhala. Gulu la Feng Zhang mu 2015 linazemba vutoli pogwiritsa ntchito Cas9 yaing'ono ya Staphylococcus aureus, ya zilembo pafupifupi 3,200, ndipo anadula nayo jini ya Pcsk9 m'chiwindi cha mbewa. Ena amagula mbewa yobadwa kale ndi Cas9, vairasi n'kungonyamula RNA yolondolera. Jini ya dystrophin, ya matenda a minofu a Duchenne, mbali yake yopangira puloteni ndi zilembo pafupifupi 11,000. Siilowa ngakhale mutaikankha bwanji, ndiye anthu anaidulira n'kupanga yaifupi. Jini ina yaikulu amaigawa pakati n'kuilonga m'ma AAV awiri kuti ikalumikizane m'selo. Mu 2019 njira imeneyi inabwezera kumva kwa mbewa zogontha zosowa jini ya otoferlin. Imatheka, koma selo liyenera kulandira magawo onse awiri, choncho zotuluka zimachepa.

Chachiwiri ndi nthawi. DNA ya AAV ndi ya chingwe chimodzi, ndipo selo liyenera kuyamba lapanga chingwe chachiwiri jini isanawerengedwe. Ndiye mumadikira masabata awiri mpaka anayi. Ilipo AAV yolongedwa zingwe ziwiri zopindana, yoyamba msanga, koma malo ake amatsika ndi theka.

Chachitatu ndicho chimene chimagwetsa anthu ambiri osadziwa. DNA ya AAV yochuluka siilowa m'makromosomu. Imangokhala m'katikati mwa selo ngati timphete tapadera. Selo likagawikana, timpheteto sitikopedwa, ndiye timacheperachepera. Mukabaya kamwana ka mbewa kobadwa kumene, chiwindi chake chikukula mothamanga, pakatha masabata ochepa zambiri zimakhala zitasungunuka. Chimodzimodzi maselo a magazi, a m'matumbo, a khungu ndi a chotupa cha khansa. Ndipo pang'ono pamene AAV imalowadi m'makromosomu si ponyozera: mu 2007 labu ya Mark Sands ku Washington University ku St. Louis inapeza khansa ya chiwindi mu mbewa zobayidwa zili makanda, vairasi italowa pamalo otchedwa Rian. Amene akufufuza za khansa ya chiwindi azikumbukira zimenezi.

Zigoba, ndi chiwindi chimene chimameza zonse

Mitundu ya AAV imasiyana chigoba, ndipo chigoba ndicho chimagwira pa khungu la selo. AAV2, yakale kwambiri, imamata pa heparan sulfate, mtundu wa shuga wa pa khungu la selo; siyenda patali ndi pamene mwaibaya, ndipo nthawi zina zimenezo ndi zomwe mukufuna. AAV8 inapezedwa mwa anyani mu 2002 ndi Guangping Gao ndi James Wilson ku Pennsylvania, ndipo pa chiwindi cha mbewa ilibe mnzake: jakisoni mmodzi wa m'mtsempha, tizigoba pafupifupi mabiliyoni 100, amafika m'maselo ambirimbiri a chiwindi. AAV9 inabwera mu 2004. Imalowa bwino mumtima ndi m'minofu. AAV6 amaikonda pa mapapo ndi minofu, AAV5 pa maselo olandira kuwala m'diso ndi ma astrocyte, maselo othandizira a mu ubongo.

Matebulo otere ali ponseponse, ndipo amasocheretsa pa chinthu chimodzi. Akalemba kuti AAV9 ndi ya mtima, sakutanthauza kuti imapita kumtima kokha. Chilichonse chimene mwathira m'magazi a mbewa, gawo lalikulu limakathera m'chiwindi, pakuti mitsempha yake ing'onoing'ono ili ndi timabowo ndipo magazi amadutsamo ochuluka. Ngati jini yanu imapanga puloteni yotuluka m'selo n'kumayenda m'magazi, mungakondwe kuti mwasintha mtima, pamene ntchito yonse yagwiridwa ndi chiwindi.

Komatu khalidwe la chiwindi lomeza zonseli lili ndi phindu lake. Mu 2014 ofufuza a ku Aarhus ku Denmark anasonyeza kuti AAV8 yonyamula jini ya PCSK9 yosinthidwa kuti ikhale yaukali imawononga zolandirira LDL (mafuta oyenda m'magazi) m'chiwindi, mafuta n'kukwera m'magazi. Mukaidyetsa mbewayo chakudya cha mafuta ambiri, mitsempha yake imayamba kutsekeka ngati ya mbewa yobadwa yopanda Ldlr, jini yopanga zolandirira LDL zija. Ntchito ya mibadwo ingapo ya kukweretsa inasanduka jakisoni mmodzi. Ingodziwani kuti chiwindi cha mbewa yamphongo chimalandira AAV mochuluka kuposa cha yaikazi. Zinaonekera mu 2003 kuti mahomoni aamuna ndi amene amachititsa. Mlingo umodzi pa zazimuna ndi zazikazi subereka zofanana, ndipo kusiyana kumene mungati n'kwa matenda kungakhale kwa vairasi.

Nkhani ya ubongo ndi imene ndimafuna wophunzira aliyense aimve bwino. Mitsempha ya mu ubongo ndi yomatana kwambiri, siilola zinthu za m'magazi kudutsa. Mu 2009 Kevin Foust ndi Brian Kaspar ku Columbus, Ohio, anaonetsa kuti AAV9 imadutsa: mu makanda a mbewa inafika m'manyuroni, maselo otumiza mauthenga, koma mu zazikulu inathera kwambiri mu ma astrocyte. Vairasi yomweyo, msinkhu wosiyana, maselo osiyana. Ntchito imeneyi ndi imene inabala Zolgensma, mankhwala a ana odwala SMA, matenda ofoola minofu, ovomerezedwa ku America mu 2019.

Kenako mu 2016 Ben Deverman ndi Viviana Gradinaru ku Caltech analonga timagawo tisanu ndi tiwiri ta amino acid m'chigoba cha AAV9, nasankha pakati pa zigoba zambirimbiri chimene chinalowa mu ubongo mowirikiza ka 40 kuposa AAV9. Anachitcha PHP.B, ndipo chaka chotsatira kunabwera PHP.eB, champhamvu koposa. Malabu anachilandira ndi manja awiri: ubongo wonse ndi jakisoni mmodzi wa m'mtsempha, popanda kuboola chigaza. Koma mu 2018 Juliette Hordeaux ndi James Wilson anapeza kuti mu mbewa za mtundu wa BALB/c sichigwira, ndipo mwa anyani sichiposa AAV9. Chifukwa chake chinadziwika mu 2019: chigobacho chimakwera pa puloteni yotchedwa LY6A ya m'mitsempha ya ubongo. Mbewa za C57BL/6, zimene anasankhiramo chigobacho, zili nayo yoyenera, za FVB nazonso, za BALB/c ndi C3H zili ndi yosiyana, munthu alibiretu. Ndiye musanagule PHP.eB, funsani kuti mbewa zanu makolo ake ndi ati. Zambiri za m'malabu ndi zosakanizika, ndipo dzina lolembedwa pa khola silinena zonse.

Promoter ndi Cre

Ganizani za munthu wofesa mpunga ponseponse, pamtunda ndi padambo. Umamera padambo pokha. Vairasi imafesa jini m'maselo a mitundu yambiri, koma promoter ndi imene imanena pamene imere. Ya TBG imagwira m'maselo a chiwindi, ya troponin T ya mtima imagwira mumtima, ya synapsin m'manyuroni, ya GFAP mu ma astrocyte, ya MCK m'minofu. AAV9 yokhala ndi promoter ya troponin imalowabe m'chiwindi, koma mmenemo jini imangokhala duu. Ma promoter a ponseponse monga CAG ndi amphamvu koma sasankha. Ya CMV imakonda kuzimitsidwa m'chiwindi pakapita nthawi.

Ma promoter ofupikitsidwa kuti akwane mu AAV amadontha, makamaka mlingo ukakwera. Njira ina yotsekera chiwindi ndi kuika kumchira kwa jini malo ogwirapo miR-122, kaRNA kochuluka kwambiri m'maselo a chiwindi. Uthenga wa jini ukangopangidwa m'chiwindi, miR-122 imauwononga. Kwina kulikonse umakhala. Malo ake ndi ochepa kwambiri, ndiye sizidya mpata.

Kusankha kolondola kwambiri kumachokera ku mbewa yeniyeniyo. Pali mitundu mazanamazana ya mbewa imene imapanga enzayimu ya Cre m'gulu limodzi lokha la maselo. Yambiri imasungidwa ku Jackson Laboratory ku Bar Harbor, Maine. Mu vairasi mumalonga jini yanu chadodolido, pakati pa malo a lox, timagawo ta DNA timene Cre imazindikira n'kudula kapena kutembenuza zapakati pake. Amatcha DIO kapena FLEX. Selo lokhala ndi Cre limaitembenuza n'kuyamba kuiwerenga, selo lopanda Cre limangoisunga. Umu ndi mmene ofufuza za ubongo amafikira manyuroni a dopamine okha, osakhudza anzawo oyandikana nawo. Mungachitenso motembenuza: mbewa ikhale ndi jini yozingidwa ndi lox, vairasi inyamule Cre. AAV8 ya TBG ndi Cre imachotsa jini m'chiwindi cha mbewa yaikulu pa tsiku limene mwasankha inu, osati kuyambira m'mimba. Apa kusungunuka kwa AAV kulibe kanthu, pakuti Cre ikadula yadula.

Dzanja ndi singano

Mapepala amangolemba kuti vairasi inabayidwa m'mtsempha wa kumchira, ngati n'chinthu chophweka. Mchira wa mbewa uli ndi mitsempha iwiri m'mbali, yopyapyala ngati ulusi. Mumaufunditsa kaye, m'madzi ofunda kapena pansi pa nyale, kuti mitsempha itukuke. Singano yaing'ono, geji 27 mpaka 30, imalowa mogona, kamwa lake litayang'ana kumwamba. Ikakhala m'mtsempha, madzi amayenda popanda kukana ndipo mtsemphawo umayera kwa kanthawi kulowera kuthupi. Ikaphonya, chala chimamva kulimba, mchira n'kutupa n'kuyera pamalo pomwepo. Vairasi yathera pansi pa khungu. Pa mbewa zakuda za C57BL/6 mtsempha suoneka bwino, n'chifukwa chake ambiri amabaya kumbuyo kwa diso mbewa itagonekedwa ndi mankhwala. Makanda a tsiku limodzi amabayidwa m'mtsempha wa pankhope, umene umaoneka kudzera pa khungu lawo lopyapyala. Mbewa imene jakisoni wake wakayikitsa ilembedwe nthawi yomweyo, osadikira kuona zotuluka.

Mu ubongo, mutu umagwiridwa pa chida cha stereotaxic, n'kuyeza kuchokera pa bregma, pamene misoko ya chigaza imakumana. Kachubu ka galasi kamatsika, timadzi tosakwana maikrolita imodzi timalowa pang'onopang'ono, ndipo mukamaliza mumadikira mphindi zisanu kapena khumi musanazule. Mukafulumira, vairasi imatsatira njira ya kachubuko kukwera m'mwamba, n'kukalowa m'mbali ya ubongo imene simunaifune. Kubaya pamalo kotere, kaya mu ubongo, mu mnofu wa mwendo, pansi pa retina kapena m'kholingo, kumasankha chiwalo kuposa chigoba chilichonse, ndipo kumadya vairasi yochepa.

Lentivirus

Iyi inachokera ku HIV-1, kachirombo komwe katilanda abale ambiri kwathu kuno. Mu 1996 Luigi Naldini, Didier Trono ndi Inder Verma ku Salk Institute ku California anaonetsa kuti luso la HIV lolowa m'katikati mwa selo losagawikana lingagwiritsidwe ntchito yonyamula jini. Zimene tikugwiritsa ntchito lero zinachotsedwa majini ambiri a HIV, otsalawo anagawidwa pa maplasmid (timphete ta DNA) osiyana kuti vairasi yoberekana isapangike, ndipo chovala chake ndi chobwereka, puloteni ya VSV-G, imene imalowa pafupifupi m'selo lililonse.

Mphamvu yake ili pamene AAV yafookera. Imalowetsa jini m'makromosomu, ndiye selo likagawikana ana ake onse amaitenga. Imanyamula zilembo 8,000 kapena kuposerapo pang'ono, ngakhale kuti katundu akachuluka vairasi yopangidwa imachepa. Pa ntchito ya magazi palibe mkangano: mumachotsa mafuta a m'mafupa a mbewa, kuwasakaniza ndi lentivirus m'mbale, n'kuwabaya mu mbewa ina imene ake anaphedwa ndi cheza. Magazi onse atsopano amatuluka ali ndi jini yanu. Chimodzimodzi maselo a T, asilikali a chitetezo cha m'thupi, ndi maselo a khansa amene mukufuna kuwaika m'thupi.

Kuibaya mwachindunji m'magazi sikupindulitsa kwenikweni. Ndi yaikulu, pafupifupi nanomita 100, yokutidwa ndi kachikopa ka mafuta kosalimba, ndipo kupanga yokwanira thupi lonse n'kovuta. Mu ubongo imakhala pafupi ndi nsonga ya singano, zimene zimathandiza ngati mbali imene mukufuna ndi yaing'ono kwambiri. Kuisungunula n'kuiumitsanso kumaipha msanga. Igawireni m'timachubu ting'onoting'ono tsiku lomwe yapangidwa, ikhale pa madigiri 80 pansi pa ziro.

Kulowa m'makromosomu kuli ndi mtengo wake. Selo lililonse limalandira jini pamalo ake, kawirikawiri m'kati mwa majini amene akugwira ntchito, ndiye ena amapanga puloteni yambiri, ena yochepa, ena amazimitsa. Ndipo chiopsezo kwa wobayayo n'chenicheni. Singano yokhala ndi lentivirus yonyamula jini yoyambitsa khansa ikakulasani chala, jiniyo ingalowe m'maselo anu n'kukhalamo. Musabwezere chivundikiro pa singano, ndipo mbewa igwiridwe bwino kapena igonekedwe.

Adenovirus

Ambiri a ife tinalandira adenovirus paphewa mu 2021: katemera wa Covid wa AstraZeneca anapangidwa pa adenovirus ya chimpanzi, wa Johnson & Johnson pa Ad26. Chimene chinaiyenereza kukhala katemera ndicho chimaivutitsa mu labu: imadzutsa chitetezo cha m'thupi mwaukali. Mu 1999 Jesse Gelsinger, mnyamata wa zaka 18, anamwalira ku University of Pennsylvania atalandira mlingo waukulu wa adenovirus m'mtsempha wa chiwindi, ndipo imfa yakeyo inabweza m'mbuyo ntchito yonse yochiza ndi majini kwa zaka zingapo.

Mu mbewa, Ad5 yochotsedwa zigawo za E1 ndi E3 imanyamula zilembo pafupifupi 8,000, ndipo imathamanga: tsiku limodzi kapena awiri puloteni yayamba kuoneka, yochuluka zedi. Ikalowa m'magazi imapita kuchiwindi pafupifupi yonse. Mu 2008 kunadziwika kuti puloteni youndanitsa magazi yotchedwa Factor X imamata pa chigoba chake n'kuiperekeza kumeneko. Koma pakatha masabata awiri kapena atatu maselo a T amakhala atapha maselo ambiri amene anailandira. Pa nthawi yonseyo chiwindi chimakhala chotupa mkati. Ngati mukuyeza shuga, mafuta kapena kutupa komweko, simudziwa bwino kuti mwaona ntchito ya jini kapena ya nkhondoyo. Pa chiwindi, ine sindiona chifukwa chosankhira adenovirus lero kupatula pamene jini yakana kulowa mu AAV8 kapena yankho likufunika m'sabata yomweyo. Ilipo ina yochotsedwa majini onse, yonyamula zilembo mpaka 36,000 ndipo imakhalitsa, koma kuipanga yoyera n'kovuta ndipo malabu ochepa ndi amene amaidziwa.

Pamene adenovirus ikuwalabe ndi pa ntchito imene kukhalitsa sikufunika. Labu ya Tyler Jacks ku MIT inapanga mbewa yokhala ndi jini ya khansa ya Kras G12D yotsekedwa ndi lox. Mukathira adenovirus ya Cre m'mphuno kapena m'kholingo, maselo ochepa a m'mapapo amatsekula Kras, vairasi n'kutha, zotupa n'kumakula mwa izo zokha, monga khansa imayambira mwa munthu. Mlingo wa vairasi ndi umene umanena kuchuluka kwa zotupa. Pa mbewa yomweyi anthu amagwiritsanso ntchito lentivirus ya Cre pamene akufuna kuti chotupa chilichonse chisunge katundu wina, monga RNA yozimitsa jini yachiwiri, mpaka mapeto. Chiwalo chimodzi, njira imodzi yothirira, koma funso la wofufuza ndilo likusankha vairasi.

Kumbali ya ukhondo, adenovirus ndi AAV zilibe kachikopa ka mafuta, ndiye sipiriti yopopera patebulo siizipha bwino. Pamafunika bulichi wosungunula kumene, wa mtundu wa Jik.

Za ntchito zapadera, ndi njira yopanda vairasi

Retrovirus ya MLV imalowa m'maselo ogawikana okha. Chilema chimenechi chinasanduka chida: labu ya Fred Gage mu 2002 inaigwiritsa ntchito kudinda manyuroni obadwa kumene mu hippocampus, mbali ya ubongo wa mbewa yaikulu, akale onse osakhudzidwa. Vairasi ya chiwewe, yochotsedwa jini ya chovala chake, imalumpha kuchoka pa nyuroni imodzi kubwerera ku zimene zimaitumizira mauthenga, kamodzi kokha, n'kuima. Ian Wickersham ndi Edward Callaway anaikonza motero mu 2007. Ndi yojambulira mapu a ubongo, ndipo imadwalitsa maselo pakatha sabata kapena awiri, choncho si yoyezera khalidwe la mbewa kwa nthawi yaitali. Wofuna kungolowa kunsonga za minyewa n'kubwerera ku thupi la nyuroni popanda kuipha angatenge AAV2-retro ya mu 2016 kapena adenovirus ya agalu, CAV-2.

Ngati cholinga ndi chiwindi chokha, dzifunseni ngati vairasi ikufunikadi. Kuyambira 1999 pali njira yothira plasmid wamba m'mtsempha wa kumchira m'madzi ochuluka, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a kulemera kwa mbewa, mamililita awiri pa mbewa ya magalamu 20, m'masekondi asanu mpaka asanu ndi awiri. Madziwo amabwerera m'chiwindi mwamphamvu n'kukankhira DNA m'maselo. Njotsika mtengo, kukula kwa jini sikuvuta, ndipo ikaphatikizidwa ndi transposon ya Sleeping Beauty jini imakhazikika m'makromosomu. Koma imafika gawo chabe la maselo, imavulaza chiwindi kwa masiku angapo, ndipo mtima wa mbewa umavutika kwa mphindi zoyamba. Si njira yophunzirira pa nyama yamoyo popanda wokuyang'anirani.

Musanagule mbewa za kafukufuku weniweni

Mlingo wolembedwa pa botolo la AAV ndi chiwerengero cha DNA, osati cha tizigoba togwira ntchito, ndipo malabu awiri akayeza botolo limodzi amatha kusiyana kangapo. Ndiye mlingo wa m'pepala la anthu ena ndi poyambira chabe. Tengani mbewa zochepa za mtundu wanu, msinkhu wanu, zamphongo ndi zazikazi. Zibayeni chigoba chomwecho ndi promoter yomweyo zitanyamula GFP, puloteni yowala mobiriwira, pa milingo iwiri kapena itatu. Pakatha masabata atatu musayang'ane chiwalo chanu chokha. Dulaninso chiwindi, mtima, mnofu, impso ndi ubongo. Mbewa zochepa zimenezi zimapulumutsa makumi ena amene akanafa pa kafukufuku wosatanthauza kanthu, ndipo komiti yoona za nyama imene ikudziwa ntchito yake idzakufunsani zimenezi.

Chenjerani ndi mbewa zowala zofiira monga Ai14 poyeza kufika kwa vairasi. Cre yochepetsetsa imakwana kuyatsa tdTomato, puloteni yofiira ya mbewazi, mpaka kalekale, ndiye chithunzi chimaoneka chodzaza pamene jini yanu yeniyeni, yofuna kupangidwa yochuluka, yafika m'maselo ochepa. Nayonso Cre ikachuluka imadula DNA pamalo olakwika n'kudwalitsa maselo, choncho gulu loyerekezera likhale ndi mbewa zopanda lox zobayidwa Cre yomweyo, kuwonjezera pa za lox zobayidwa GFP. Madzi amchere okha sakwanira kukhala gulu loyerekezera. Ndipo ngati mapulani anu ali ndi jakisoni wachiwiri wa m'magazi patapita masabata, konzeranitu chigoba china: woyamba uja amasiya ma antibody amene amagwira chigoba chomwecho chisanafike pa selo, ndipo nthawi zina amagwiranso zigoba zapachibale.